Belu la Maliro a Anthu Amoyo

LOLEMBA

Nkhungu yadzaza chigwa chonse. Ndikaima pakhomo la tchalitchi mudzi sindikuuona, ndikungomva atambala pansi penipeni ngati akulirira m'chitsime. Chisanu cha Julaye! Komabe ndayamba.

Ntchito ya sabata ino: kupempherera anthu amene mtima wanga suwafuna. Mmodzi tsiku lililonse, momutchula dzina, poyera. Malemba satipatsa danga losankha. Olamulira tiwapempherere, otilakwira tiwapempherere. Ndaphunzitsa amayi amumpingo zimenezi zaka zambiri, koma ine mwini sindinayesepo. Kupempherera "onse otida" n'kosavuta, ndani angalephere? Dzina ndi limene limakola pakhosi.

Ndawandandalika mmene ndinkachitira ndi masamu ndisanapume ntchito, osavuta poyamba:

1. A Lufeyo, khansala wathu. Ulalo wapamtsinje unakokoloka dzinja ladzana, mpaka lero ana asukulu akuwoloka atasenza makope pamutu.
2. Binwelo wamakala, amene wameta phiri mbali yonse yakum'mawa.
Wachitatu, wachinayi ndi wachisanu ali patsamba lakumapeto.
6. Loweruka: Edesi.

Edesi, mng'ono wanga, bere limodzi. Ali tsidya la mtsinje. Zaka zitatu osapatsana moni, chifukwa cha nsungwi zimene amayi anadzala m'malire a madimba athu awiri. Iye akuti n'zake, ine ndikuti n'zanga, amayi anapita osanena. Ndisadzinamize m'kope langa lomwe: mayina asanu enawo ndi makwerero chabe. Ndikufuna pofika Loweruka pakamwa pakhale patafewa, ndimutchule, amve ali tsidyalo, mwina awoloke.

A Damiyano oliza belu ali kwa mwana wawo ku Mponela, ndiye ndaliza ndekha. Belu lathu ndi limu ya tayala la lole yopachika mumkuyu, timaimenya ndi chitsulo chotalika ngati mkono. Kulemera kwake! Ndi phewa la nyamakazi ili, ndimenye kamodzi, ndipume. Ndimenyenso, ndipume. Kenako ndakwera pachulu, kuti olephera kubwera apemphere ali kwawo, n'kufuula ndi mawu anga akale apa asembule: "Lero ndi a Lufeyo, khansala wathu! Tiwakumbukire!"

Nkhungu yameza mawuwo. Zii.

Obwera: palibe. Mbuzi imodzi yasuzumira pakhomo, yandiyang'ana nthawi yaitali, yachoka.

Ndawapempherera ndithu a Lufeyo. Nzeru, thanzi, mtima wokumbukira ana. Zatheka!

Masana. Amayi akutsika njira yakumunsi, mabeseni a ufa pamutu, osalankhula. Amuna kumbuyo ndi makasu. Kwagwa zovuta kwinakwake, uthenga sunandifike. Kuipa kokhala wekha pamwamba pa phiri.

Madzulo. Amayi aja akubwerera, ufa wawo uli pamutu. Ndawapatsa moni, ayang'ana pansi. Ufa wapamaliro subwerera. Chiyambire sindinaonepo.

LACHIWIRI

Ndaliza, ndapuma, ndaliza. Ndakwera pachulu: "Lero ndi Binwelo! Timukumbukire!" Ndisanatsike, m'nkhungumo mukutuluka a Naphiri osesa m'tchalitchi, wefuwefu, tsache m'manja. Dzulo anali ku Nachisaka.

"Aphunzitsi, mwalizanso? Mayo ine, mwatchula ndani lero?"

Ndilembe bwinobwino, kuti manyazi akhale pamalo amodzi. Kuno belu likalira mofulumira, ndi mapemphero. Likalira kamodzikamodzi, munthu n'kukwera pachulu kutchula dzina, ndi maliro. Ndikudziwa zimenezi kuyambira ndili mwana! A Damiyano anachita chimodzimodzi tsiku limene amayi anatisiya, pachulu chomwechi. Koma ukakhala womenya ndiwe sumva belu, umamva phewa.

Akuti dzulo anthu anawapeza a Lufeyo pakhonde akudya mbatata yootcha. Amayi alowa pabwalo akulira, adzukulu afunsa kale pokumba. Iwo n'kuimirira, mbatata ili m'manja, amvekere, "Pepani abale, watisiya ndani?" Anthu kumangoyang'anana.

Ndaseka mpaka misozi. Ambuye andikhululukire, ndaseka.

Kenako pansi m'chigwa, momwe sindikuonamo kanthu, mawu amodzi aatali akuyamba kulira. Mayi ake a Binwelo. Kuseka kwathera pomwepo.

Ndatsika ndi ndodo yanga. Ndafika nthawi imene Binwelo akutulukira kuchokera kuphiri, thupi lonse bii ndi makala, maso okha mbee. Mayi ake kumuona, liwiro kuseri kwa nkhokwe! Ndafotokoza zonse: phewa, chitsulo, cholinga cha sabata. Ndapepesa katatu. Andiyankha, "Zamveka, aphunzitsi," maso ali pa ndodo yanga.

Madzulo. A Lufeyo ananyamuka pa njinga yamoto kudzandifunsa za dzulo. Powoloka mtsinje, pamalo penipeni pomwe panali ulalo, tayala laterereka pamwala. Mwendo wathyoka. Awanyamula pangolo.

Zifukwa zake:
— miyala ili ndi ndere;
— ulalo palibe;
— amene anayenera kuukonza ndi iwo omwewo.

Palibe chodabwitsa. Ndinawapempherera thanzi. Ndabwerera pa tsamba la dzulo kukatsimikiza: thanzi.

LACHITATU

Lero ndiliza mofulumira, anthu amve kusiyana. Ndapempha a Naphiri kuti andilizire, akana. "Ine ndili ndi zidzukulu, aphunzitsi." Ndagwira chitsulo ndi manja awiri. Ngwe, ngwe, ngwe, phewa lagwira, chitsulo chagwa. Katatu basi, kenako bata. Sizikumveka ngati mapemphero, sizikumveka ngati maliro. Zikumveka ngati munthu wagogoda pakhomo n'kuima.

Pachulu sindinakwere. Wachitatu ndamupempherera chamumtima, chitseko chotseka. N'chiphunzitso cholondolanso: Mulungu si wogontha, ndipo pemphero lobisika limateteza wopempherayo ku matama. Ndatuluka ndili wokhutira.

Kumjigo ndapeza nkhani. Uvuni wa makala wa Binwelo wapsa usiku wonse, matumba onse amene amayembekeza asanduka phulusa loyera, ndipo iye wapsa phazi pozimitsa. Chifukwa chake n'chodziwika: uvuni ukaboola, mphepo ikalowa, nkhuni zimanyeka mpaka kutha. Ndinkaphunzitsa zimenezi Sitandade 7. Palibe chodabwitsa.

Zimene ndamva ndisanaonekere:
"Lolemba mwendo, Lachiwiri phazi."
"Lero sanatchule."
"Ndiye kuti aliyense."

Nditaonekera, mzere wonse wandipatukira. Ndaona kuti mpata ndi womwewu, ndayamba kufotokoza kusiyana kwa pemphero ndi temberero. Temberero limafuna kulamula, pemphero limapempha. Temberero limaloza mnzako, pemphero limayamba lakugwaditsa iwe. Pemphero si mankhwala oti ukasakaniza bwino agwira. Pali Wina womva, amene angathe kukana. Ndinali pa mfundo yachitatu pamene ndazindikira kuti ndikuphunzitsa zidebe. Eni ake ali patali, pansi pa bulugama, agwira ana awo pamapewa.

Masana ndazungulira dala njira yodutsa kwa wachitatu uja. Ali pakhonde akusenda nandolo, wamphumphu, miyendo yonse iwiri. Ndapuma mpweya wautali.

Funso: ngati palibe chodabwitsa, ndinapita kukaona chiyani?

LACHINAYI

Kutsegula chitseko m'mawa, pakhonde pali:
— nkhuku ziwiri zomanga miyendo;
— dzungu;
— mtolo wa nkhuni zouma bwino;
— thumba la makala (a ndani, poti uvuni unapsa?);
— timapepala tisanu ndi kamodzi, topanikiza ndi miyala.

Palibe amene ndinamumva akubwera. Galu sanauwe.

Timapepala tiwiri n'topepesa. Kamodzi mwa tiwirito kakuti, "Mango aja ndinali ine, ndinali mwana." Tinayi totsalato tili ndi mayina okhaokha. Ena andilembera mlamu wawo. Ena mkazi mnzawo. Kamodzi kawonjezera, "Ngati n'kotheka dzanja, osati mwendo." Zilembo zake ndazizindikira, ndinamuphunzitsa ndine kugwira pensulo. Amaimba kwaya.

Ndatitentha tonse. Ndisanatenthe ndawapempherera olembedwawo, kenako ndachita mantha kuti ndawapempherera. Taonani pomwe ndafika!

Wachinayi: ndamudumpha.

Ndatsikira kumsika kukagula mankhwala opaka phewa. Che Yusufu agolosale ndi okhawo amene andipatsa moni wa dzanja sabata ino. "Mayi, ifenso adani timawapempherera, koma sitiyamba tawaitanira adzukulu." Aseka, kenako atsitsa mawu. "Ndinu wachikulire, mukukhala nokha paphiri, muli ndi kope la mayina. Mukudziwa mmene nkhani zotere zimathera. Chisiyeni chitsulocho." Ndawathokoza. Msilamu wandilangiza zaubusa kuposa aliyense wamumpingo mwanga.

Pobwerera, pamtsinje: matabwa! Mulu wonse, atsopano, akununkhira utomoni. Amuna asanu ndi mmodzi akukumba maenje a mizati. A Lufeyo alamula ali chigonere kuti ulalo uthe Loweruka lisanafike. Kapitawo wavula chipewa: "Akuti tikuuzeni kuti amva, musavutikenso kuwakumbukira."

Makalata anayi ndinalemba ine za ulalo umenewu. Misonkhano iwiri. Palibe chinachitika. Belu lolakwika kamodzi, matabwa.

Ndilembe chimene chinandibwerera ndili chiimire pamenepo, chifukwa kope si la zabwino zokha. Ndinaganiza za mjigo wakusukulu womwe unafa. Za msewu. Ndikanangokwera pachulu kawiri kapena katatu... Ana akanapindula. Ndani angatsutse? Koma ndiye kuti ndatenga dzina la Mulungu n'kulisandutsa chikwapu, anthu n'kumachita zabwino mmene mbuzi imachokera m'munda. Ulalo womangidwa ndi mantha umawolotsa ndithu. Apa ndiye povuta. Umawolotsa.

Chitsulo ndachichotsa pamkuyu. Chili pansi pa bedi langa, ndachikulunga m'thumba la feteleza. Ndaimbira abusa, akuti abwera Lamulungu, ndisakhudze kanthu.

LACHISANU

Osaliza. Osatchula. Ngakhale chamumtima ndikusamala.

Sizinathandize. Mudzi wonse umadziwa za ine ndi Edesi, ndipo a Naphiri posesa Lachiwiri anaona kope lili chitsegukire paguwa. Sanauze munthu, akutero, kupatula apongozi awo.

Cha m'ma teni ndikumva kukhwekhwereza m'njira, phokoso lalitali ngati chinthu chachikulu chikukwawa m'nkhungu. Ana aamuna awiri a Edesi, abambo a mabanja awo tsopano, akukoka nsungwi. Aunjika pabwalo langa. Abwerera. Abweranso ndi zina. Maulendo asanu ndi awiri.

Adula zonse. Tsinde lonse la amayi, ndi mphukira zomwe.

Wamkulu wagwada patali, pafupi ndi khola. Mwana amene ndinamubereka kumsana! "Amayi aakulu, akuti nsungwi zanu ndi izi. Akuti mawa musavutike."

Ndati aimirire, alowe, amwe tiyi. Ndati nsungwi sindikuzifuna, ndikufuna mayi awo. Nditangotero nkhope zawo zasintha, ndazindikira mmene zamvekera kwa anthu amantha. Athawa osatsanzika, zikwanje zili m'manja.

Mlandu wa zaka zitatu ndapambana. Nsungwi zili mbwee pabwalo, masamba ayamba kale kufota. Mphepo ikawomba zikulira mmene zinkalirira kudimba amayi akupalira pansi pake. Sizikudziwa kuti zadulidwa.

Chosankha: mawa ndiwoloka ndekha. Popanda belu, popanda chulu, popanda mfundo zitatu. Ndikakhala pakhomo pake mpaka atuluke. Izi ndikanachita Lolemba, kapena zaka zitatu zapitazo. Koma kukwera pachulu kunali kosavuta kuposa kutsika chigwa.

LOWERUKA

Kwacha. Nkhungu yakhuthala kuposa masiku onse, khola sindikuliona. Ndikumanga mpango kuti ndinyamuke.

Ngwee.

Bata.

Ngwee.

Kamodzikamodzi. Kupuma kwake kofanana ndi kwanga. Ndagwada, ndapisa dzanja pansi pa bedi. Thumba lilipo. Chitsulo chilimo.

Kenako mawu, kuchokera kuchulu. Aakazi, osafuula kwenikweni, koma akumveka ngati ali pazenera. Atchula dzina langa. Osati "aphunzitsi", osati la kwa amuna anga. Laubwana lija, limene linatha nditalowa sukulu. Olidziwa anali anthu awiri, mmodzi tinamuika.

Ndakwera ndi ndodo. Pamkuyu palibe munthu. Limu ikugwedera pang'onopang'ono, nditaigwira ikung'ung'uzabe m'dzanja. Udzu wapachulu uli ndi mame ake onse.

Ndatsika, ndakhala pakhonde. Ndichitenso chiyani? Ndadikira maliro anga.

Abwera ndithu. Amayi ndi ufa, amuna ndi makasu, a Naphiri patsogolo akulira mokweza. Kundiona, onse njo! pa nsungwi paja. Tsopano ndikudziwa zimene a Lufeyo anaona, ndipo sizoseketsa kwenikweni. Umawerenga nkhope. Ena apepukidwa kuti uli moyo. Ena anali atapepukidwa kale.

Ndiye kumbuyo kwawo kulira kwina, kosiyana, kosasamala za anthu. Edesi. Wopanda nsapato, wopanda mpango, imvi zili poyera, chitenje chikukhwekhwereza m'matope. Wadutsa pa matabwa a ulalo asanawakhomere n'komwe. Akukankha anthu, akuitana dzina lomwelo.

Waima. Tayang'anana. Wakalamba, mwana wa amayi.

"Simunafe?"

Ndati ayi.

"Ndiye mwandithamangitsiranji? Ndagwa kawiri ine! Moyo wanu wonse ndi choncho, akulu, kuvutitsa anthu kenako n'kuyamba kufotokoza."

Wakhala pansi pakhonde, mokhuza, msana wandilozetsa. Anthu abalalika ndi ufa wawo. Iye wakhalabe mpaka dzuwa kuboola. Ndamuwiritsira madzi osambitsa mabondo. Walandira beseni osandiyang'ana.

Ndamufunsa ngati anatuma munthu kudzaliza. Wandiyang'ana ngati ndapenga. "Ine ndinali kukhitchini, ndadzitsekera kudikira belu langa." Kenako wandifunsa chapansipansi: "Mawu aja mwawamva bwino?"

Ndati nkhungu imasintha mawu.

"Eya," watero. "Imasintha."

LAMULUNGU

Abusa abwera pa njinga yamoto, awolokera pa ulalo watsopano, autamanda mu ulaliki. Akuti Mulungu amagwiritsa ntchito ngakhale zolakwa zathu. Mpingo wonse wacheukira kwa ine.

Zimene akulu ampingo agwirizana titaweruka:
— belu ndi la a Damiyano okha, akabwera;
— pachulu asakwerepo munthu popanda chilolezo;
— ine ndipume kaye kutsogolera mapemphero, "chifukwa cha phewa".

Ndavomera. Wina wafunsa amene analiza dzulo. Abusa akuti mwina achinyamata amasewera. Tonse tagwedeza mitu mwamsanga.

Chiphunzitso n'chomveka, ndipo ndachiphunzitsa kambirimbiri: akufa ali m'manja mwa Mulungu, sayendayenda, saliza mabelu. Ndikukhulupirira. Ndalemba pano kuti ndiziwerenga.

Kuwerengera kwa sabata: mayina asanu ndi limodzi, ndatchula awiri. Mwendo umodzi, phazi limodzi, ulalo umodzi. Nsungwi palibe. Nkhuku ziwiri zomwe eni ake akukana kuzizindikira.

Benchi langa m'tchalitchi linali lopanda munthu mbali zonse ziwiri. Nyimbo yachiwiri ili mkati, Edesi walowa akutsimphina, wakhala kumapeto kwenikweni kwa benchilo, mpata wa anthu anayi pakati pathu. Pa nthawi ya pemphero wandinong'oneza osatsegula maso: "Musanditchule." Sindinamutchule. Potuluka wanena kuti nsungwi zija adzazitenga Lachitatu, poti zinali zake kuyambira kale, ndipo zitsa zikaphuka tidzakambirana. Ndatsegula pakamwa kuti ndifotokoze. Ndatseka.

Lachitatu. Ndiphike chiyani?

Madzulo ndatulutsa thumba pansi pa bedi kuti ndikabweze chitsulo pamkuyu. Mfundo yake ndi yomwe ndinamanga Lachinayi. Thumba ndi louma, pansi pa bedi mpouma.

Chitsulo chili ndi mame, ndi katsamba kamodzi ka nsungwi.

Ndachipukuta, ndakachipachika. Sindifotokoza.